Momwe mungasandutsire Raspberry Pi Pico kukhala kiyibodi ya USB

Kabolodi ka Raspberry Pi Pico, kamene kanatuluka mu 2021 ndi chip ya RP2040, kamatha kuonekera pa kompyuta ngati kiyibodi popanda kuika driver. Imagwira ntchitoyi ndi TinyUSB, pulogalamu ya open source yomwe ili kale mkati mwa CircuitPython, mtundu wa chiyankhulo cha Python choyendetsera timabolodi totere. Mufunika Pico, batani limodzi, mawaya awiri ndi chingwe cha micro-USB.

Chingwecho musangotola chilichonse. Ogulitsa ena amapereka zingwe zotchajira basi, zopanda mawaya a D+ ndi D-, omwe amanyamula data. Moto umalowa, koma kompyuta siona kanthu.

Dinani batani la BOOTSEL lomwe lili pa Pico, lowetsani chingwe musanalisiye. Pabwera drive yotchedwa RPI-RP2. Koperani fayilo ya UF2 ya CircuitPython m'menemo, ndipo kabolodi kayambiranso ndi dzina la CIRCUITPY. Mu foda ya lib ya mu CIRCUITPY ikani adafruit_hid, khodi yotumizira zilembo ku kompyuta, yochokera mu bundle (gulu la ma library) ya Adafruit yogwirizana nambala ndi CircuitPython yanu: ikakhala 9, bundle ikhalenso ya 9.

Lumikizani batani pakati pa GP15, yomwe ndi pini 20, ndi GND ya pa pini 18.

Apa ndiye pofunika kudekha. Mu code.py, fayilo ya khodi yanu ya mu CIRCUITPY, piniyo muipatse Pull.UP, yomwe imaikokera ku 3.3V batani likakhala losadinidwa. Mukaiwala, imangolendewera, n'kumawerenga 0 kapena 1 mwachisawawa. Komanso ndi Pull.UP zinthu zimatembenuka: batani likadinidwa value imakhala False, likasiyidwa True. Mukasokoneza pamenepa, Pico iyamba kulemba yokha mosalekeza. Choipa n'chakuti CircuitPython imayendetsa code.py ikangolandira moto, ndiye zilembozo zimathiridwa mu fayilo yomwe mukufuna kukonzayo. Mankhwala ake ndi kuika time.sleep(5), yodikiritsa masekondi asanu, pamwamba penipeni pa code.py musanayese chilichonse, kuti mukhale ndi mpata wosintha dzina la fayiloyo. Zikafika povuta, kuikanso CircuitPython sikuthandiza chifukwa code.py imatsala mu flash. Bwererani ku BOOTSEL, muike flash_nuke.uf2 imene imafufuta zonse, kenako muyambirenso. N'chifukwa chake khodi yanu muzisunganso pa kompyuta.

Zotsalazo n'zosavuta. Lembani keyboard.send(Keycode.CONTROL, Keycode.C), yomwe imatumiza Ctrl+C, dikirani batani lisiyidwe, onjezani sleep ya masekondi 0.02 kuti kudina kamodzi kusawerengedwe kawiri. Mabatani ena ikani pa GP14 ndi GP13 mwanjira yomweyo. Mapini a Pico ndi a 3.3V, musawapatse 5V.