Momwe ndinasiyira kutaya ndalama pa ma ad

Kwa miyezi ingapo ma ad anga, zotsatsa malonda za pa intaneti, amangodya ndalama, kudina anthu amadina ndithu koma kugula ayi. Ndimawonetsa aliyense amene wangolowa pa webusaiti, ngakhale uja wangosochera n'kutuluka pompo.

Ndiye ndinati ndiyese ma predictive metrics a mu Google Analytics 4 (chida cha Google chowonera zomwe anthu akuchita pa webusaiti), aja amalosera kuti ndani angagule m'masiku 7 akubwerawa. Poyamba palibe chinkaoneka, ndinakwiya kwabasi, kenako ndinazindikira kuti vuto linali langa lomwe, event ya purchase, yomwe imauza sisitimu kuti munthu wagula, sindinaiike bwino moti munthu akalipira sisitimu simadziwa n'komwe. Komanso pamafunika anthu obwereranso osachepera 1,000 amene anagula ndi ena 1,000 amene sanagule, apo ayi kuloserako sikuyamba. Ndinakonza tagi (kakhodi ka pa webusaiti) yotumiza event ija n'kudikira, ndipo kudikirako ndi kumene kunanditopetsa kuposa kukonza.

Manambala atayamba kubwera ndinapanga audience, kutanthauza gulu, ya anthu amene akuoneka kuti agula, n'kuilumikiza ku Google Ads, komwe ndimalipirira ma ad, bajeti yambiri ndinaikankhira kumeneko. Aja akuoneka kuti sabweranso ndinawapangira ad yawoyawo yongowakumbutsa. Odina achepa inde, koma ogula achuluka.