Momwe mungayendere pa galimoto kuchoka ku Cape Town kukaona Fish River Canyon ku Namibia

Chigwa cha Fish River ndi chachitali makilomita 160, ndipo m'malo ena chimazama mamita 550. Kwa amene muli ku Cape Town, masiku anayi akukwanirani kupita ndi kubwerako. Pitani pakati pa May ndi September, chifukwa miyezi ya dzuwa kutentha kumapitirira madigiri 40.

Choyamba, mapepala. Tengani pasipoti, laisensi ndi bulubuku ya galimoto. Ngati galimotoyo ndi yangongole kapena yahayala, mufunika kalata ya eni ake yokulolani kuitulutsa m'dziko, apo ayi mubwezedwa paboda. Mbali ya Namibia mulipiranso msonkho wa msewu, risiti yake musataye. Ndalama musavutike kusintha, randi imagwira ntchito.

Tsiku loyamba gwirani msewu wa N7, mudutse Citrusdal ndi mapiri a Cederberg mpaka ku Springbok, pafupifupi makilomita 560. Gonani pomwepo. Mu August ndi September, mvula ikagwa bwino, dera la Namaqualand, lozungulira Springbok, limadzaza maluwa.

M'mawa wolokani mtsinje wa Orange pa boda ya Vioolsdrif, mudzaze thanki ku Noordoewer, tauni ya paboda mbali ya Namibia. Musanene kuti mukathirira kutsogolo: m'chipululu malo amafuta ndi otalikirana, ndipo nthawi zina mumapeza atha. Tsatani msewu wa B1, kenako mukhotere mu C10 wopita ku Ai-Ais, kumene kuli akasupe a madzi otentha.

Mukangokhotera mu C10 phula watha, ndipo ngozi zambiri zimayambira pamenepa. Phwetsani pang'ono matayala afike pa 1.8 bar kuti agwire bwino pamiyala. Musapitirire liwiro la makilomita 80 pa ola, ngakhale msewu uoneke wosalala. Miyala yosagwirana imaunjikana m'mphepete ndi pamakona, ndiye mukaponda buleki mwadzidzidzi kapena kukhotetsa chiwongolero mwamphamvu, kumbuyo kumaterereka, galimoto n'kugubuduzika. Ikayamba kuyepa, chotsani phazi pa faya, iwongoke yokha. Yatsani magetsi ngakhale masana kuti akuoneni m'fumbi. Usiku musayende, ngoma ndi nyama zina zimadumphira mumsewu.

Nyamulani sipeyala yampweya wokwanira, jeke, thabwa loikapo jeke pamchenga, pampu, ndi madzi akumwa osachepera malita 5 munthu aliyense patsiku. Netiweki imasowa m'madera ambiri, choncho mapu muwatsitsiretu mufoni. Galimoto ikawonongeka, khalani pomwepo mpaka ina idutse.

Kuchokera ku Ai-Ais, msewu wa C37 ukufikitsani ku Hobas, polowera kokaona chigwacho. Lipirani pachipata, muyende makilomita 10 kufika poonera chigwacho. Fikani chakum'mawa, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Kutsikira pansi n'koletsedwa kwa alendo a tsiku limodzi. Amaloledwa okhawo amene analembetsa ulendo wapansi wa masiku anayi kapena asanu, ali ndi kalata ya dokotala.

Mukabwerera pa phula, popani matayala abwerere mwakale, chifukwa tayala lofewa limatentha pa liwiro n'kuphulika.