Momwe mungachepetsere utsi wa AI pa ntchito yanu

M'maofesi ena pa Kasungu Boma, kalata yopempha ngongole kapena lipoti la pamwezi masiku ano zikulembedwa ndi ChatGPT kapena Meta AI ya pa WhatsApp ija, mapulogalamu a AI omwe amayankha mafunso ndi kulemba ngati munthu. Foni sifuka utsi, ndiye ambiri timaganiza kuti palibe chikuwonongeka. Komatu funso lililonse limapita kumakompyuta akuluakulu kunja kwa dziko lino, omwe amadya magetsi usana ndi usiku komanso madzi owaziziritsa. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 nyumba za makompyutawa zinagwiritsa ntchito pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse apadziko lapansi. Nayo Google inavomereza kuti mpweya woipa womwe imatulutsa unakwera ndi 48 peresenti pakati pa 2019 ndi 2023.

Nanga inu muli pa desiki mungatani?

1. Yambani mwadziwa kukula kwa vutolo

Mu Ogasiti 2025, Google inati funso limodzi wamba lolemba pa AI yake yotchedwa Gemini limatulutsa magalamu 0.03 a mpweya wa kaboni ndipo limamwa madontho asanu a madzi. Inde, wogulitsa sanyoza malonda ake, koma tiyeni tigwiritse ntchito chiwerengero chawocho. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7 a mpweya womwewo. Mukawerengera, lita imodzi mujenereta ikufanana ndi mafunso pafupifupi 90,000. Apa ndiye pagona nkhani yathu.

2. Yang'anani jenereta musanayang'ane foni

Magetsi ambiri omwe ESCOM imatibweretsera amapangidwa ndi EGENCO pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndi magetsi amadzi, utsi wake ndi wochepa. Akathima, mpamene timayamba kufukiza. Ndinaonapo ofesi ina jenereta ikulira masana onse, chitseko chikunjenjemera, chifukwa munthu mmodzi yekha ankafuna rauta (kachipangizo kopereka intaneti) ndi laputopu kuti AI imukonzere lipoti lomwe linali losafulumira n'komwe.

Choncho magetsi akalipo tchajani laputopu, foni ndi pawa banki, ndipo ntchito zofuna AI muzichitire limodzi nthawi yomweyo. Rauta imadya magetsi ochepa kwambiri; kabatire kakang'ono kapena sola yapadenga ingathe kuiyendetsa. Ngati jenereta iyenera kuyaka, iyakire ntchito za anthu onse, kusindikiza ndi kufotokopa zichitike pamenepo.

3. Funsani kamodzi, koma mokwanira

Tiyerekeze kuti ndinu mlembi wa kalabu ya alimi ndipo mukufuna kalata yopita kwa mwini lole yonyamula mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma. Mukangolemba kuti "ndilembere kalata", AI ikupatsani chinthu chachitali chosagwirizana ndi nkhani, mubwereze kasanu, kenako kasanu ndi kamodzi. Iuzeni zonse poyamba: kalata ikupita kwa ndani, mabelo ndi angati, tsiku liti, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, isapitirire ndime ziwiri. Yankho lalifupi limadya magetsi ochepa kuposa lalitali, ndipo bandulo yanu nayo imapumulako.

Mapulogalamu ena ali ndi batani loti AI iganize mozama isanayankhe. Limenelo limagwiritsa ntchito makompyuta nthawi yaitali. Kalata yoitanira anthu kumsonkhano sifunika zimenezo.

4. Zithunzi ndi mavidiyo, apa gwirani mtima

Akatswiri a ku kampani ya AI ya Hugging Face ndi yunivesite ya Carnegie Mellon anapeza mu 2023 kuti kupanga chithunzi kumadya magetsi ochuluka kwambiri kuposa kulemba mawu; pa pulogalamu yodya magetsi kwambiri yomwe anayesa, chithunzi chimodzi chinadya magetsi okwanira kutchaja osachepera theka la batire ya foni. Vidiyo ndiye imaposa pamenepo. Tsono chizolowezi chathu chija chopanga zithunzi khumi za positala imodzi, kungofuna kuona kuti ituluka bwanji, n'kutaya zisanu ndi zinayi, chichepe. Ngati mukutsatsa mtedza kapena soya, jambulani thumba lenilenilo ndi foni. Ogula amakhulupiriranso chimenecho kuposa mtedza wonyezimira ngati wapulasitiki.

5. Sungani zomwe zatuluka bwino

Kalata yabwino, fomu ya malipiro, ndondomeko ya msonkhano, ziikeni mufoda imodzi yomwe aliyense muofesi angaipeze. Mwezi wamawa mungosintha tsiku ndi mayina.

6. Zowerengera, bwererani ku Excel

Kuphatikiza ndalama za alawansi kapena kuchotsera msonkho, kakyuleta ndi Excel zimachita popanda intaneti. AI imalakwitsanso masamu nthawi zina, ili chilimbire mtima, ndipo wokayankha kwa abwana ndinu.