Kasungidwe ka mbiri ya timu ya rugby pa yunivesite

Ndinkavala nambala 9 m'timu ya rugby ya pa yunivesite ina kuno ku Tete, ndipo poti ndinkakonda kulembalemba, anzanga anandikankhira ntchito yosunga mbiri ya timu. Ndinaiyamba molakwika. Zithunzi, mayina, mapointi, zonse ndinkaika m'foni. Tsiku lina ndikupita kwathu ku Ulongwe foni ija inasowa m'chapa (minibasi), mbiri yonse n'kupita nayo limodzi. Inu amene mwalandira ntchitoyi chaka chino musadutsenso m'menemo.

Gulani kaderno (buku lolembamo) wa chikuto cholimba ndi cholembera chosafufutika, ndipo muzimusunga m'jumbo. Thukuta la mu Okutobala kuno limanyowetsa mapepala kuposa mvula, chiswe nachonso sichidziwa rugby. Foni ikhale yongojambulira masamba mukatha kulemba, n'kutumiza kwa anzanu awiri.

Lembani tsiku lomwelo, anthu asanabalalike pabwalo. Mukati mawa, mudzapeza aliyense akulumbira kuti try (kutsitsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani) yomaliza anagoletsa ndi iye. Pamwamba pa tsamba ikani deti, bwalo, timu yomwe mwakumana nayo ndi amene anayimbira. Kenako manambala kuyambira 1 mpaka 15 motsetsereka: 1 mpaka 8 ndi amphamvu a mu scrum (pomwe amakolowekana n'kumakankhana kulimbirana mpira), 9 mpaka 15 ndi akumbuyo othamanga. Olowa m'malo muwalembe pansi ndi mphindi yomwe alowera. Ngati munasewera ya anthu 7 mbali iliyonse, monga zimachitikira osewera akaperewera, nenani choncho, chifukwa masewera a anthu 7, a mphindi 14, sangayerekezedwe ndi a anthu 15, a mphindi 80.

Dzina la munthu lilembedwe lonse, la pabwalo pambali pake. Dziko lonse limadziwa "Beast", koma m'mabuku a Springboks, timu ya dziko la South Africa, muli Tendai Mtawarira, wobadwira ku Zimbabwe. Ifenso tinali ndi anzathu omwe ndinkangowadziwa ndi mayina ogemerera, ndipo lero ndikawasaka pa Facebook sindiwapeza.

Pamapointi ndipo pamene ambiri amachita ulesi. Kulemba kuti 17–12 sikokwanira. Gawani: ma try angati, ndani, anathira pakati pa mitengo ndi ndani. Masiku ano try ndi mapointi 5, conversion (kumenya mpira pakati pa mitengo pambuyo pa try) 2, penalty 3, drop goal (kuugwetsa pansi n'kuumenya pakati pa mitengo masewera ali mkati) 3. Koma try inali 4 kuyambira 1971 mpaka 1992, ndipo isanafike 1971 inali 3. Malamulo akadzasinthanso, mdzukulu wowerenga kaderno wanu adzamvetsa pokhapokha mutamugawira. Mbali iyi ndi yotopetsa, ndikuvomera, makamaka mutagonja ndipo phewa likuwawa.

Inde, kugonjako kulembedwenso. Kaputeni wathu wina ankafuna ndidumphe tsamba la tsiku lomwe tinakwapulidwa osagoletsa ndi imodzi yomwe. Ndinakana. Mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ku England anayamba kukumana mu 1872, ndipo masewera oyambawo anapambana ndi Oxford. Cambridge sanang'ambe tsambalo, n'chifukwa chake mpaka lero anthu amatha kuwerenga amene ali patsogolo. Maties, timu ya yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa, omwe amawerenga zaka zawo kuchokera mu 1875, anatenga Varsity Cup, chikho cha mayunivesite a kumeneko, katatu kotsatizana mu 2008, 2009 ndi 2010, koma m'mbiri yawo mulinso 2011 pamene chikho chinapita kwa Ikeys a ku yunivesite ya Cape Town. Bwalo la Maties limatchedwa Danie Craven, dzina la mphunzitsi wawo wakale amene ntchito yake inalembedwa, anthu sanangoimva pakamwa. Ife sitili Maties, timasewera pabwalo la mpira wamiyendo popanda mitengo yaitali ija, komabe kaderno ndi kaderno.

Zakale zomwe simunazione muzifunse kwa oyambitsa timu akadali pafupi. Ena anapita kukagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ena akulima kachewere ku Angonia. Pitani mukawaone, musatumize uthenga wokha. Mukafika nenani kuti, "Achimwene, mpira woyamba unachokera kuti, ndipo anaubweretsa ndani?" kenako khalani chete. Funsani anthu awiri payekhapayekha. Akasiyana, lembani zonse ziwiri ndi dzina la wonena, musasankhe yokoma. Akakuonetsani chithunzi, pemphani kaye musanachijambule, ndipo mayina muwalembe pomwepo kuyambira kumanzere, mzere wakumbuyo poyamba.

Mukamamaliza maphunziro, perekani kaderno kwa wa chaka chachiwiri, osati wa chaka chomaliza, timu yonse ikuona, ndipo dzina lake lilembedwe patsamba loyamba pansi pa lanu.

Kaderno wathu ndinamulembanso kuchokera m'mitu ya anzanga foni ija itasowa. Mayina 14 a masewera oyamba anapezeka. Pa nambala 4 padakali mpata, ndinangolembapo ndi pensulo kuti "wamtali uja wa ku Tsangano". Amene akumudziwa amuuze kuti ndikumufuna.