Momwe mungasankhire pakati pa giyabokosi ya DSG ndi manual musanagule galimoto yothamanga kuno ku Salima

Loweruka mukaima pa Kamuzu Road mumaona galimoto zochokera ku Lilongwe zikulowera ku Senga Bay, zina zotsika mpaka mimba kutsala pang'ono kukhula phula: Golf GTI, Audi, Subaru. Anyamata athu amene apeza kangachepe ayamba kuzisirira, ndipo funso lawo ndi limodzi: nditenge ya manual kapena ya DSG? Ine sindiyambira pa liwiro, chifukwa zonsezi zimathamanga kuposa momwe msewu wa M5 ungalolere. Ndimayambira pa kutentha kwa kuno, mchenga, ndi kukwawa kumbuyo kwa akabaza, poti giyabokosi imafera pamenepo.

Choyamba, dziwani chimene mukugula

Ambiri akaona kuti galimoto ilibe kilatchi yoponda ndi phazi amangoti ndi automatic. Ayi. Mkati mwa DSG muli magiya ofanana ndi a manual, koma makilatchi ndi awiri. Ina imagwira giya 1, 3 ndi 5, inzake imagwira 2, 4 ndi 6. Mukamayenda pa giya 3, giya 4 imakhala italowa kale, ikungodikira kuti kilatchi iyi isiye, inzakeyo igwire. N'chifukwa chake posintha giya mphamvu siduka. Chimene chimaponda makilatchiwo m'malo mwa phazi lanu ndi kabokosi kokhala ndi kompyuta ndi mavavu, kamene amakaniko amati mechatronic. Dzina limeneli lisungeni, ndalama zambiri zimathera pamenepo.

Volkswagen inayamba kugulitsa DSG mu 2003 pa Golf R32. Audi imaitcha S tronic, Porsche imaitcha PDK ndipo inaiyesa kale m'galimoto za mpikisano m'zaka za m'ma 1980 isanaiike mu 911 mu 2008. Nissan GT-R imene inatuluka mu 2007 ilibe ya manual n'komwe. Pa kufulumira kusintha magiya, palibe dzanja la munthu lingapose makinawa, zimenezo tisatsutsane. Komabe Porsche itachotsa manual pa 911 GT3 mu 2013, ogula anadandaula mpaka inaibwezera mu 2017. Pali kukoma kwina kumene munthu amakumva akamalowetsa yekha giya.

Inu a Honda Fit Hybrid ya pakati pa 2013 ndi 2020 komanso Vezel Hybrid yoyambirira, musadutse nkhaniyi. Nanunso muli ndi makilatchi awiri pansipo.

Chachiwiri, funsani ngati makilatchi ake ndi onyowa kapena ouma

Funso ili ogulitsa ambiri salidziwa, koma kwa ife a kunyanja ndiye lalikulu. DSG ya magiya 6, yotchedwa DQ250, imene ili mu Golf 5 ndi Golf 6 GTI, makilatchi ake amasambira mu oyilo, ndipo oyiloyo amachotsa kutentha. Ya magiya 7 yotchedwa DQ200, imene ili mu Polo GTI ya injini ya 1.4 ndi ma Golf a injini zazing'ono, makilatchi ake ndi ouma, amangodalira mpweya. Ganizani za masana a mu Okutobala kuno, phula likuchita kunyezimira, inu mukukwawa pamsika kumbuyo kwa njinga zonyamula makala. Youmayo imatentha msanga, imayamba kunjenjemera ponyamuka, kenako imatha nthawi isanakwane. Ngati mtima wanu uli pa DSG, tengani yonyowa. Muwerengereni makaniko nambala ya chasisi kuti akutsimikizireni, musadalire pakamwa pa wogulitsa.

Chachitatu, funsani za oyilo

DSG yonyowa imafuna oyilo watsopano ndi fyuluta yake pa makilomita 60,000 aliwonse, ndipo oyiloyo ndi wakewake, si wofiira uja wa automatic wamba. Galimoto zambiri zimene timaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe zimafika zopanda buku la sevisi. Ngati palibe risiti yosonyeza kuti anasinthapo, werengerani mtengo wa oyilo ndi fyuluta pa ndalama zogulira, ndipo musinthe sabata yoyamba yomweyo.

Chachinayi, iyendetseni nokha, kawiri

Apa ndiye pofunika kudekha. Uzani mwiniwake kuti asailize inu musanafike, muipeze yozizira. Gwirani boneti kuti mutsimikize.

Ikakhala DSG, lizani injini, pondani buleki, lowetsani D, kenako R, kenako D. Isagunde, isachedwenso kugwira. Siyani buleki osaponda moto: iyenera kuyamba kuyenda yokha mosalala, osati modumphadumpha ngati mwana wophunzira kilatchi. Yendani pang'onopang'ono mumve momwe ikuchokera pa 1 kupita pa 2, ndi momwe ikutsikira pa 3 kubwera pa 2 mukamaima. Kenako itengeni ulendo wa theka la ola, mwina kukafika ku Senga Bay ndi kubwerako, kuti itenthe bwino, ndipo mubwereze zonsezi. Matenda ambiri a mechatronic amabisala galimoto ikazizira. Ikatentha ndi pamene mumaona zilembo za magiya zikuphethira pa dashibodi, kapena galimoto ikungolira osayenda ngati ili pa N. Mukaona zimenezo, bwezani makiyi. Wogulitsa akanena kuti "ndi kasensa chabe", muuzeni akonze kaye mubwerenso.

Ikakhala manual, mayeso ake ndi amene madalaivala akale amawadziwa. Imvani pamene kilatchi ikugwirira: ikamagwira phazi litatsala pang'ono kuchokeratu, yatha. Lowani giya 4 kapena 5 pa liwiro lochepa, pondani moto wonse. Injini ikakwera mawu koma galimoto osawonjeza liwiro, kilatchi ikuterera. Sinthani mwachangu kuchoka pa 1 kupita pa 2, ndi pa 2 kupita pa 3. Kukukuta mano pamenepo kukusonyeza kuti mwini wakale ankaikankha mwankhanza, ndipo galimoto zothamanga zambiri zinadutsa m'manja otero. Mverani phokoso logogoda pozimitsa injini, chifukwa zambiri mwa izi zili ndi flywheel (chitsulo chozungulira chimene kilatchi imagwirapo) ya zigawo ziwiri, imene imagogoda ikatha, ndipo mtengo wake si wamasewera.

Mitundu yonse iwiri, musalipire musanaiike pa kompyuta yoyezera galimoto. Kwa DSG, makina ake akhale otha kuwerenga giyabokosi, osati injini yokha.

Chachisanu, dzifunseni kuti adzakonza ndani

Kilatchi ya manual ikatha, makaniko wodziwa ntchito pa Salima kapena pa Nkhotakota angathe kutsitsa giyabokosi n'kuisintha, bola mwapeza sipeya. DSG ikasinthidwa kilatchi kapena mechatronic imafuna kompyuta kuti iphunzitsidwenso pogwirira, ndipo kawirikawiri ndi ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100, pamwamba pa lole. Sipeya nayenso mwina mudikira achokere ku Joni. Kwa wa ku Nkhotakota mtundawo ndi wotalikirapo.

Pali zinanso ziwiri zimene munthu amazikumbukira zitamugwera kale. Batire ikafooka, manual mumaitana anyamata akukankheni ilire. DSG siilira pokankha. Ndipo kuikoka ndi chingwe kuli ndi malire: Volkswagen imati osapitirira makilomita 50, pa liwiro losaposa 50 pa ola, giya ili pa N.

Mukagula DSG, yendetsani motere

Imafuna kuti kilatchi igwiretu kapena isiyiretu, za pakatikati imadana nazo. Pamzere wa galimoto, monga pa rodibuloko, musamakwawe phazi lili theka pa buleki. Imani nji, mpata utseguke, ndiye muyende. Pachitunda musaigwire ndi moto kuti isabwerere m'mbuyo. Pondani buleki kapena kokani handibuleki. Kuigwira ndi moto kuli chimodzimodzi kuyenda phazi lili pa kilatchi.

Mchenga wa m'njira zolowera kunyanja ndiye mdani wake wamkulu. Mukatitimira, osalimbana nayo kuponda moto uku mukusinthasintha D ndi R. Chenjezo la kutentha likayaka, imani, ikani pa P, injini izilira kuti ipole. Fukulani mchenga kutsogolo kwa matayala, yalani nthambi, phwetsani matayala pang'ono, anthu akukankheni. Chabwino koposa n'kuisiya pamalo olimba n'kutsiriza wapansi.

Pobwera kuchokera ku Lilongwe, pa mitsetse ndi makona a M14, kankhirani giya ku mbali yosinthira nokha kapena gwiritsani tizitsulo ta kuseri kwa chiwongolero, mutsike pa 4 kapena 3 injini ikuthandizeni kugwira galimoto. Osatsetsereka pa N pofuna kupulumutsa mafuta. Pamenepa DSG imakoma kwambiri, ndivomere: manja onse ali pa chiwongolero, giya ikulowa musanaphethire. Koma m'mbali mwa msewuwo muli ana, mbuzi ndi njinga, choncho kukomako kukhale kwa magiya, liwiro likhale la lamulo.

Mukandifunsa ine, amene amakhala ku Lilongwe, ali ndi makaniko wodziwa DSG ndipo amabwera kuno pa wikendi, atenge yonyowa ya magiya 6 yokhala ndi mbiri ya oyilo, sadzadandaula. Koma ngati kwanu ndi ku Chipoka, ku Lifuwu kapena ku Dwangwa, msewu wofika pakhomo ndi wafumbi, ndipo galimotoyo ndi imodzi yomweyo yopitira kuntchito ndi kuchipatala usiku, funani ya manual. Honda Civic Type R zimabwera za manual zokhazokha, Subaru WRX STI zambiri ndi za manual, Toyota 86 za manual ziliko, ndipo Golf GTI za manual nazonso ziliko ngakhale zimasowa pa msika wa ku Japan. Muuzeni wokuitanitsiraniyo kuti mudikira, ngakhale itenge miyezi iwiri.