Mwasintha injini pa galimoto yakale ija? Difu musangogula poti yapezeka

Anthu ambiri akaika injini ina mu ka sports car kakale, tinene Datsun 240Z kapena MGB, ndalama ndi mtima wonse zimathera kutsogolo, ma mounting, mawaya, radiator, ekizozi, ndiye kumbuyo amangoti tidzaona. Vuto lake difu yakale ija anaipangira injini yaing'ono. Injini ya L24 ya 240Z imatulutsa torque, mphamvu yozungulitsa, pafupifupi 200 Nm, ya MGB siifika ngakhale pamenepo, pomwe 1UZ, V8 ya mu Lexus LS400 kapena Celsior imene anthu amaikonda kuno ili pa 350 Nm ndithu. Ndiye difu iyenera kuganiziridwa, koma osati kuyamba ndi funso loti yolimba kwambiri ndi iti. Yambani ndi giyabokisi imene mwaika ndi matayala amene mukuyendera, zimenezi ndi zimene zikuuzeni difu yoti musake.

Choyamba gonani pansi muone mtundu wa kumbuyo kwanu. MGB ili ndi axle imodzi yathunthu yokhala pa ma spring, difu ili pakati pa chubu chomwecho, ngati Hilux basi. 240Z ndi ina, difu yake ndi yomangidwa ku bodi ndipo ma half shaft awiri amapita ku matayala aliyense payekha. Izi ndi njira ziwiri zosiyana, difu ya mtundu uwu siingalowe pa mtundu uwo popanda kudula galimoto kwambiri, ndipo ine sindingakulangizeni kudula bodi ya galimoto ya m'ma 1970 chifukwa cha difu yotchipa.

Tsopano ratio, apa ndiye pagona nkhani. Mukamva kuti difu ndi 3.90 ndiye kuti propela imazungulira ka 3.9 kuti tayala lizungulire kamodzi. Nambala ikakhala yaikulu galimoto imadzuka msanga koma pa msewu wautali injini imakuwa, ikakhala yaing'ono galimoto imayenda mofatsa pa liwiro koma ponyamuka imakhala yaulesi. Masamu ake ndi a pa foni, palibe chovuta. Tengani tayala la 205/60R15, kutalika kwake ndi 627 mm, likazungulira kamodzi layenda pafupifupi mamita 1.97. Pa 100 km/h galimoto imayenda mamita 1,667 pa mphindi, mukagawa ndi 1.97 mupeza kuti tayala likuzungulira ka 846 pa mphindi. Nambala imeneyi muchulukitse ndi ratio ya difu, kenako ndi ratio ya giya yomaliza ya giyabokisi yanu, chotuluka ndi rpm ya injini.

Tiyeseze ndi W58, giyabokisi ya manyuwo ya Toyota, giya faifi yake ndi 0.783. Difu ya 3.54 ikupatsani pafupifupi 2,350 rpm pa 100, ya 3.90 ikupatsani 2,580, ya 4.10 ndi 2,720, ndipo mukatenga ya Hilux ya 4.88 muli pa 3,230. Pa V8 imeneyo 3,230 ndi kuwotcha petulo pachabe ndi phokoso mpaka Lilongwe, ndiponso giya wani imakhala yopanda ntchito, mukangoponda matayala akuzungulira pamalo amodzi. Mukakhala mwasiya giyabokisi ya otomatiki imene imabwera ndi 1UZ, ya A340 ija, giya yake yomaliza ndi 0.705, ndiye 3.54 imatsika mpaka 2,110 pomwe 4.10 imakhala pa 2,450, mukuona kuti difu yomweyo imene inali yaifupi, yokweza rpm, pa manyuwo pano yakhala bwino. Nchifukwa chake munthu akakuuzani kuti ikani yakuti ndi imene ndinaika ine, mufunseni giyabokisi yake ndi sayizi ya matayala kaye.

A MG eni ake anachita masamu omwewa. MGB wamba inali ndi 3.909, koma pamene anatulutsa MGB GT V8 mu 1973 ndi injini ya Rover ya 3.5, difu anaitsitsa kufika 3.07. Injini ya torque yambiri siifuna thandizo lalikulu kuchokera ku difu.

Koma kuno ku Mzuzu ine sindingathamangire nambala yotsikitsitsa. Misewu yathu yotuluka mtauni muno ndi zitunda ndi makona, kutsika ku Nkhata Bay ndi kukweranso, Chikangawa, Chiweta, ndipo malo oti muyende 100 kwa nthawi yaitali popanda dzenje, hampu, kabaza kapena lole ya matabwa kutsogolo ndi ochepa. Difu yaitali kwambiri, ya nambala yaing'ono ija, izikupangitsani kusinthasintha pakati pa giya fili ndi folo pa chitunda chilichonse. Pa V8 ndi giyabokisi ya magiya faifi, pakati pa 3.5 ndi 3.7 ndi pamene ine ndimaona kuti mpabwino. Pa injini ya turbo yaing'ono ngati SR20DET, kapena 1JZ imene imadzuka rpm ikakwera, 3.7 mpaka 4.1 ndi bho, chifukwa simufuna kutuluka pa kona turbo itagona.

Ku sikirapu musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa pa nkhani ya ratio, osati kuti ndi wabodza ayi, nthawi zambiri nayenso sakudziwa galimoto imene difuyo inachokera. Tengani choko. Lembani chizindikiro pa flange ya propela ndi china pa tayala kapena pa shaft. Ngati difu ili ya open, wamba imene imalola tayala limodzi kuzungulira palokha, gwirani mbali imodzi isayende, zungulitsani inayo kawiri kathunthu uku mukuwerenga kuti flange yazungulira kangati, nambala imeneyo ndiyo ratio. Ngati ili LSD (limited slip, imene siilola tayala limodzi kuterera palokha) mbali zonse ziyendere limodzi kamodzi kokha. Njira yosanama ndi kutsegula kavala nkuwerenga mano, a crown, giya yaikulu ija, kugawa ndi a pinion, kagiya kakang'ono kamene propela imazungulitsa. 39 ndi 11 ndi 3.54, 37 ndi 10 ndi 3.70, 39 ndi 10 ndi 3.90, 37 ndi 9 ndi 4.11, ndipo pa ma Nissan ambiri nambala ziwirizi zimakhala zodindidwa m'mbali mwa crown. Pa Toyota zakale kapuleti ka mu injini kamakhala ndi code ya axle, chilembo choyamba chimanena kukula kwa crown, G ndi mainchesi 8, F ndi 7.5, T ndi 6.7, ndipo nambala yomaliza ikakhala 3 kapena 5 ndiye kuti inatuluka ku fakitale ndi LSD.

Ratio mwaidziwa, tsopano kulimba. Chimene chimathyola difu si mahatchi a pa pepala koma torque ya pa giya wani pamene matayala agwira. 350 Nm kudutsa mu giya wani ya W58 ya 3.285 yasanduka 1,150 Nm pa pinion, ikadutsanso mu 3.54 yapitirira 4,000 Nm pa ma shaft. Mukasiya klatchi mwankhanza pa tala wouma ndi matayala otambalala, zonsezo zimagwera pa timano ta ma spider gear, timagiya ta mkati mwa difu togawa mphamvu ku matayala awiri, ndi pa ma spline, timizere ta kumapeto kwa ma shaft.

Kwa a Datsun njira ndi yoonekeratu. 240Z inabwera ndi R180, nambalayo ndi kukula kwa crown mu mamilimita, ndipo mkulu wake ndi R200. R200 ya mphuno yaitali, ya mu 280Z ya manyuwo, 280ZX kapena 300ZX ya Z31, ndi imene imalowa mosavuta, mungofuna chitsulo chakumbuyo chogwira difu chija amati mustache bar cha R200 chifukwa cha R180 sichigwirizana. R200 ya mphuno yaifupi, ya mu Silvia, Skyline ndi Laurel, ndi imene mungaipeze msanga pakati pa ma ex-Japan, koma kamangidwe kake nkosiyana, mufunika kupanga mounting yatsopano kutsogolo ndi kumbuyo komanso ma shaft a CV. Zimatheka, kungoti wowotcherera wake akhale wodziwa kuyeza, osati wa mageti ndi ma burglar bar. Pali inanso, R180 ya Subaru WRX STI, imene imabwera ndi LSD kale ndipo imakhala 3.54 kapena 3.90 kutengera chaka, imakhala pamalo a R180 yakale koma ma shaft a m'mbali ndi flange muyenera kusintha. Chenjerani apa, ma Forester ndi ma Impreza wamba amene adzaza mtauni muno ali ndi R160, yaing'ono kuposa imene mukuchotsayo, ndipo ambiri ndi 4.11 kapena 4.44. Wina akuuzani kuti ya Subaru ndi ya Subaru, ayi.

Ndipo mukalimbitsa difu, chofooka chimasamukira pena. Pa 240Z chimapita ku ma stub axle a ku matayala, ku ma universal joint a ma half shaft, ndi ku rabala ya mounting yakutsogolo imene imang'ambika mphuno ya difu ikamadzuka, mumamva kuti gu nthawi iliyonse mukasintha giya. Ikani ndalama pambali za zimenezo.

Kwa a MGB ndi ena a axle yathunthu, pa intaneti aliyense akuuzani Ford 8.8 ya Explorer kapena Ford 9 inch. Ndi zolimba zedi, ya Explorer ya 1995 mpaka 2001 imabwera ndi mabuleki a disc ndi ratio ngati 3.55, 3.73 kapena 4.10. Koma ife tili ku Mzuzu, bearing kapena seal yake ikafa mudikira katundu wochokera kunja galimoto ili pa majeke. Ine ndingasankhe Toyota ya mainchesi 8 ya Hilux. Masipeya ake ali paliponse, makaniko aliyense ku Luwinga anaitsegulapo, ndipo mutu wake wonse umatuluka kutsogolo ndi mabawuti, ndiye kusintha ratio ndi ntchito ya masana amodzi. Zovuta zake zilipo. Ndi yotambalala kuposa MGB kotero chubu ndi ma shaft ziyenera kufupikitsidwa, ndipo ntchito imeneyo imafuna jig, chitsulo chogwira chubu mowongoka, kuti axle isapindike, ma shaft adulidwe nkutema ma spline atsopano, osati kudula pakati nkuwotcherera. Ma Hilux ambiri ali ndi 4.10, 4.30, 4.56 kapena 4.88, ndiye pa V8 mwina crown ndi pinion muitanitsa zina. Mabowo a matayala nawo, 4x4 ndi mabawuti 6, ya 2WD ndi 5 pa 114.3, pomwe MGB ndi 4 pa 114.3, ndiye mubowolanso kapena musintha ma rimu. Ndi yolemeranso, pa galimoto yopepuka muimva pa maenje.

Za LSD ndinene mosabisa, pa galimoto yopepuka ya injini yaikulu ndi yofunika, makamaka ndi mvula ya kuno ndi matope ofiira amene amakokoloka kulowa pa tala. Difu ya open imatumiza mphamvu ku tayala limene likuterera. Ya ma clutch plate imagwira mwamphamvu koma imatha ndipo imafuna oyilo wa LSD, apo ayi imatetemera pokhota. Ya viscous, imene ili mu ma Nissan ambiri a m'ma 1990, ndi yofatsa koma ikakalamba imangokhala ngati open, ndipo muigule pamodzi ndi ma shaft ake a m'mbali chifukwa ndi osiyana ndi a open. Ya helical, monga Torsen kapena Quaife, ndi imene ndimaikonda pa galimoto ya pa msewu, ilibe zoti zizitha ndipo siivuta pa kona, kufooka kwake nkoti tayala limodzi likanyamuka m'mwamba imasiya kugwira. Zowotcherera ma spider gear kuti matayala aziyendera limodzi zisiyireni a drift. Pa makona onyowa a ku Nkhata Bay galimoto yotere imakana kukhota kenako kumbuyo kumangochoka kamodzi, ndipo ma shaft sachedwa kuduka.

Musanapereke ndalama tsitsani oyilo muone pulagi. Tiufa tosalala ta chitsulo pa maginito ndi zachibadwa, koma tizidutswa tomveka m'zala ndiye siyani. Tsegulani kavala, yang'anani dzino lililonse la crown ndi tochi, lisakhale lobenthuka kapena la timaenje, ndipo dzimbiri la pa mano limasonyeza kuti inagonera pa mvula. Gwedezani flange m'mwamba ndi pansi, isasewere ngakhale pang'ono, ndipo poizungulitsa iziyenda mosalala ndi kulimba pang'ono, osati gwedegwede. Ngati mwasintha crown ndi pinion, backlash, kampata ka pakati pa mano awo, iyezedwe ndi dial gauge ndipo mano apakidwe utoto woonera pamene akukhudzana, za kumva ndi dzanja zimabala difu yolira pa 80.

Poika, pinion ndi shaft yotuluka mu giyabokisi zikhale zoyang'ana mofanana, ma universal joint a propela apindike pang'ono chabe, digiri 1 mpaka 3 ndipo mofanana mbali zonse, foni yanu ili ndi app yoyezera zimenezi. Propela yodulidwa ipite kukabalansidwa. Oyilo ndi GL-5, 80W-90 kapena 75W-90, ndipo kapaipi kopumira pamwamba pa difu kakhale kotseguka, kakatsekeka ma seal amayamba kudontha. Magiya atsopano muwayendetse mofatsa makilomita mazana angapo oyamba kenako musinthe oyilo. Speedometer nayo iyamba kunama ngati imawerenga kuchokera ku giyabokisi, kuchoka pa 3.90 kupita pa 3.54 izionetsa liwiro lochepera pafupifupi 10 pa 100 iliyonse, ndiye iyerekezeni ndi GPS ya pa foni musanakumane ndi a traffic ali ndi kamera yawo pa M1.