Kukuta golide ndi mamolekyu omvera kuwala kuno ku Chigwa cha Shire

Azobenzene, molekyu yomvera kuwala, imakhala yowongoka, trans, mpaka itaombedwa ndi UV, kuwala kosaoneka ndi maso, ya 365 nm (nanomita, muyeso wa utali wa funde la kuwala). Apo imapindika n'kukhala cis. Kuwala kwa buluu, cha m'ma 450 nm, kumaiwongolanso. Beta-cyclodextrin, mphete ya shuga 7 yopangidwa kuchokera ku sitalichi, imavala trans koma cis imaitaya. Ntchito yonse yagona pamenepa: tikufuna golide amene azigwira ndi kutaya cyclodextrin malinga ndi kuwala.

Tengani galasi lokutidwa golide, lokhala ndi chromium kapena titanium pansi pake kuti golide asasupuke. Litsukeni ndi ethanol ya mu labu. Sipiriti wofiirira wa m'golosale ayi, ali ndi utoto. Liviikeni mu ethanol momwe mwasungunula 1 mM (milimola imodzi pa lita) ya azobenzene yokhala ndi thiol, kachigawo ka salifa, kunsonga, maola 18 mpaka 24, mumdima. Salifa ndi amene amaluma golide.

Ambiri amalakwitsa poika azobenzene yokhayokha. Mamolekyu amathithikana ngati mapira osapalira, ndipo UV ikafika amasowa popindikira. Sakanizani ndi thiol yaifupi, monga hexanethiol, kuti pakhale mipata. Yambani ndi theka kwa theka, kenako muzionjezera yaifupiyo.

Tsukuluzani, umitsani ndi nayitrojeni, muviike m'madzi a 1 mM ya cyclodextrin ola limodzi. Madzi akhale otchezedwa (distilled) a mu labu. A pamjigo m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje ngamchere, amasiya mawanga.

Poyesa, donthezani madzi okwana 3 µL (mamaikulolita, kadontho kakang'ono) pa golidepo, jambulani chammbali ndi foni. Cyclodextrin ikakhalapo dontho limafalikira. Walitsani UV mphindi 10 galasi lili m'madzi, mutavala magalasi oteteza maso, tsukuluzani, ndipo dontho lidzaima mokwererapo poti cyclodextrin yachoka. Mukawalitsa buluu n'kubwezeranso cyclodextrin, lifalikirenso.

Tsono za kutentha. Cis imabwerera yokha ku trans, ndipo kukatentha imafulumira. Ku Ngabu mu Okutobala, masana akapyola 40°C, mukachedwa mudzaganiza kuti UV sinagwire. Yesani m'mamawa, mukangozimitsa nyali. Botolo loviikiramo galasi mulitseke zolimba, apo ayi ethanol iuluka usiku womwewo. Dzuwa la pawindo nalo lili ndi UV ndi buluu pamodzi, limasiya mamolekyu ena opindika ena owongoka, tsekani makatani.

Dontho likaleka kusintha pakapita masiku, kawirikawiri ndi salifa amene wadyedwa ndi mpweya n'kuleka golide. Pangani lina.